Kuumba khoma pansi n'kulidzutsa ndi kireni

Ngati mukufuna kumanga fakitale kapena nyumba yosungiramo katundu mwa njira ya tilt-up, youmba makoma pansi n'kuwadzutsa, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, yambani mwafufuza za kireni. Mudziwe kumene idzachokere, matani amene imanyamula ikatambasula mkono wake, mtengo wake pa tsiku, ndi msewu umene idzadutse kuti ifike pamalo panu. Ntchito yonseyi imayendera kireni. Kukula kwa khoma lililonse, malo oliumbira, ngakhale kukhuthala kwa silabu, zonsezi zimatsatira funso limodzi: kodi chinthuchi chidzanyamulika?

Njirayo payokha njosavuta kufotokoza. M'malo moyala njerwa kapena mabuloko mzere ndi mzere, mumathira konkire pansi khoma litagona, m'zigawo zikuluzikulu zimene timazitcha mapanelo. Konkire ikalimba, kireni imadzutsa panelo lililonse n'kuliimika pa maziko. Robert Aiken anaziyamba ku Illinois, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo iye ankaumbira khoma pa tebulo lopendekeka ndi majeke. Zinadzafala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene makireni oyenda ndi magalimoto obweretsa konkire yosakaniza kale anachuluka. Ine ndinaziphunzira ku Gauteng, ku South Africa, komwe nyumba zosungiramo katundu zangoti ndandanda m'misewu ya kufupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndipo pakati pa omanga zitsulo ndi othira konkire kumeneko Chichewa sichisowa.

Kumudzi anthu amandifunsa za njirayi chifukwa kuyambira mu 2018 malamulo a Malawi saloleza njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Yankho langa ndi lakuti: ngati ndi golosale kapena kasitolo, gulani mabuloko a simenti, musadzivute. Tilt-up imapindula pamene makoma ali ataliatali, ambiri, ofanana, ndipo pansi pa nyumbayo ndi potambalala, monga zimene mumaona ku Kanengo kapena ku Makata. Kireni imadya ndalama ikangofika pachipata, kaya yanyamula kaya sinanyamule, choncho iyenera kupeza makoma okwanira akuidikira.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Panelo la mamita 6 m'lifupi, mamita 9 kutalika, lokhuthala mamilimita 180, limadya konkire yochepera pang'ono pa makyubiki mita 10. Kyubiki mita imodzi ya konkire yokhala ndi zitsulo imalemera pafupifupi matani 2.4. Ndiye kuti khoma limodzi lokhalo ndi matani 23. Musanyengedwe ndi nambala yolembedwa pambali pa kireni. Ya matani 100 imanyamula matani 100 katundu akakhala pamphuno pake penipeni. Mkono ukamatambasuka, mphamvuyo imatsika mofulumira kwambiri. Akale pantchitoyi amati kireni izikhala ya mphamvu zoposa panelo lolemeretsetsa kawiri kapena katatu, koma chomaliza ndi tchati cha kireniyo chosonyeza matani amene inganyamule pa mtunda uliwonse, chimene woyendetsa amakhala nacho.

Injiniya amawerengera khoma lililonse kawiri. Koyamba, litaimirira, likusenza denga ndi kulimbana ndi mphepo. Kachiwiri, lili m'malere, pamene likuchoka pogona kupita poima. Nthawi zambiri mphindi zochepa zimenezo ndi zimene khoma limapindika kwambiri pa moyo wake wonse, konkire ikadali yanthete. Panelo lililonse likhale ndi pepala lakelake losonyeza miyeso, zitsulo, pokolekera, ndi kulemera kwake. Kontirakitala amene akuti "tidzaona konko" muthaweni.

Silabu ndiyo chikombole

Pa nyumba zina silabu imabwera kumapeto. Apa imayamba ndi iyo, chifukwa ndi pamene muumbire makoma, ndi pamenenso kireni idzayende. Dothi lapansi lipsinjidwe ndi kompakita mpaka liyesedwe n'kuvomerezedwa. Mukapeza makande, aja amatupa dzinja n'kung'aluka chilimwe, achotseni mubweretse dothi labwino, musayese kunyengerera. Muuzenso injiniya kumene kireni idzaponde, kuti aone ngati silabu ipirire kapena pafunika kuikhuthalitsa.

Kenaka pali kusalala. Chilichonse chili pa silabu chidzadindika pankhope ya khoma: mkwasa wa tsache, phazi la galu, mng'alu, mzere umene munadula ndi sowo. Nkhope imeneyo ndi imene idzayang'ane kumsewu. Choncho salazani ndi makina mpaka pachite kuwala, mizere yodula muitseke ndi phula lofewa kapena tepi, ndipo maenje a nsanamira muwadzaze mchenga n'kuphimba ndi kakonkire kopyapyala kodzaswa pambuyo pake. M'mphepete monse mwa nyumba siyani kanjira kosathira, mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kameneko mudzathira makoma ataima, kuti zitsulo zotuluka m'khoma zidzalumane ndi silabu.

Musanakhome thabwa, khalani pansi ndi woyendetsa kireni. Ine ndimadula timakatoni toimira mapanelo, n'kumatisuntha pa pulani ya silabu mpaka tonse titapeza malo. Panelo ligone chafufumimba, nkhope yakunja ili pansi, tsinde lake lili pafupi ndi pamene likaime, kuti kireni isayende nalo mtunda. Pakati pasiyidwe msewu wa kireni, ndipo muganizire potulukira: zimachitika ndithu kuti anthu amaimika makoma onse n'kuitsekera kireni m'kati. Malo akachepa, mapanelo amaumbidwa mosanjikiza, lalikulu pansi, ndipo loyamba kudzutsidwa likhale pamwamba. Mukasokoneza dongosolo limeneli, mudzalipira kireni kuti izingosuntha makoma uku ndi uku.

Mashatala ake ndi osavuta, matabwa owongoka oimikidwa m'mbali motsatira mzere wa choko. Yezani kuchokera pangodya kufika pangodya yopingasa, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikasiyana, bokosilo si sikweya, ndipo mpata wa pakati pa makoma udzakhala wotsekeka pansi, woyasama pamwamba. M'ngodya ikani timatabwa ta makona atatu kuti m'mphepete mwa khoma musadzabenthuke. Chimene chimapusitsa ngakhale akalipentala odziwa ndi ichi: mukaima pamwamba pa panelo, mukuona mbali ya m'kati mwa nyumba. Chitseko chimene pa chithunzi cha kunja chili kumanja, apa chili kumanzere. Funsani kuti pepala lajambulidwa kuchokera mbali iti, ndipo lembani yankho pa thabwa ndi zilembo zikuluzikulu.

Mankhwala oletsa kumatirira

Konkire yatsopano ikathiridwa pa konkire yakale imafuna kugwirana nayo. Chimene chimaletsa ndi bond breaker, mankhwala opopera pa silabu, monga amayi amapakira mafuta m'chitini asanathiremo chigumu. Ndi chinthu chotchipa poyerekeza ndi zonse, koma ndi chimene ndaona chikuliza anthu akuluakulu.

Gwedezani mgolo bwinobwino musanathire mu sipuleya, chifukwa mphamvu yake imadikha pansi, ndipo mukapanda kutero mudzapopera madzi okhaokha. Poperani kawiri, ulendo wachiwiri mopingasa ndi woyamba, woyambayo atauma. Musachulutse mpaka kuchita zithaphwi, chifukwa zimasiya mawanga pakhoma ndipo penti imadzakana. Mufunse wogulitsa ngati mankhwalawo amagwirizana ndi amene munapopera posunga chinyezi cha silabu, ena sayanjana. Ndipo popopera, zitsulo zikhale zisanalowe, popeza chitsulo chopakika mankhwalawa sichigwirana ndi konkire.

Kuyesa kwake n'kwa madzi chabe. Donthezani madzi pang'ono kuchokera m'botolo, m'malo angapo. Akaundana timibulu tonyezimira toyendayenda, zili bwino. Akafalikira n'kulowa, silabu n'kuda, pamenepo pamwa mankhwala onse ndipo pakufunika ena. Yesani makamaka m'ngodya, m'mphepete mwa matabwa, ndi m'malo amene anthu amadutsadutsa ndi mawilibala. Yesaninso m'mawa wa tsiku lothira, osadalira za dzana.

Pa ntchito ina, mvula yamabingu ija imagwa masana ku Gauteng inatipeza zitsulo zitamangidwa kale m'mapanelo angapo. Bwana wa pamalopo anaona kuti kuchotsa zitsulo kuti tipoperenso n'kutaya nthawi, n'kulamula kuti tithire. Tsiku lodzutsa, panelo lina linakana. Kireni inakoka, zingwe zili nga nga nga, khoma osasuntha. Titakhoma zitsulo zosongoka m'mphepete linadzuka, koma linanyamula chigamba cha silabu chachikulu ngati chitseko, chitamatirira pankhope pake. Anyamata anathera masiku akugoba ndi kupala, ndipo chipseracho chimaonekabe dzuwa likapendeka.

Zitsulo zimamangidwa monga mwa pepala, kaya ndi Y12 (za mamilimita 12) kaya zina, zitakhala pa timipando ta pulasitiki kuti konkire izikute mokwanira. Timipando tachitsulo ayi: miyendo yake imadzatulukira pankhope ya khoma n'kumalira dzimbiri chaka ndi chaka. Pangodya iliyonse ya chitseko kapena zenera pakhale zitsulo zopingasa, chifukwa mng'alu umayambira pamenepo.

Tsopano tizitsulo tokwiriridwa m'khoma, timene tili mitundu itatu: pokolekera kireni, pomangira michirikizo (mapaipi ogwira khoma likaima), ndi mapuleti odzawotchererapo zitsulo za denga. Pokolekera kireni ndi pamene pali moyo wa anthu. Malo ake anawerengedwa potengera pakati pa kulemera kwa panelo, ndiye sipasunthidwa ndi maganizo a munthu. Pakawombana ndi chitsulo, imbirani injiniya. Kawirikawiri chosuntha ndi chitsulocho. Gulani zopangidwira ntchito imeneyi, zogwirizana ndi zokolera zimene a kireni adzabweretse. Kupinda chitsulo cha Y16 kukhala ngowe n'kuchikwirira kuti mupulumutse ndalama ndi kuitana maliro. Musanathire, anthu awiri ayendere panelo lililonse ndi tepi, wina akuwerenga pepala, wina akuyeza, ndipo mujambule zithunzi pafoni. Konkire ikatseka, zithunzizo ndiye umboni wokha.

Kuthira kwake kulibe zachilendo, kupatula kuti panelo limodzi lithiridwe ulendo umodzi osadukiza. Makyubiki mita 10 si ntchito ya fosholo ndi kamikisala kamodzi. Konzani za magalimoto a konkire, kapena makina osakaniza oyeza bwino. Poka, makina aja onjenjemeretsa konkire, ilowe mosamala kuzungulira pokolekera, osapagunda, kuti pasakhale mphako. Woyendetsa galimoto akati athiremo madzi kuti iyende msanga, mukanizeni. Mukatha, sungani chinyezi: kutentha kwa mu Okutobala kumaumitsa pamwamba m'kati musanalimbe.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti tidikira masiku angati. Nthawi zambiri ndi pafupifupi sabata, koma masiku sanyamula khoma. Injiniya amapereka nambala ya mphamvu imene konkire iyenera kufika isanadzutsidwe. Pothira, umbani makyubu oyesera, ena muwasiye pambali pa panelo penipeni kuti amve dzuwa ndi chisanu chimodzimodzi, ndipo muwatumize akaswedwe kulabu. Mu Juni ku Johannesburg, kumene madzi amaundana usiku, konkire imachedwa kulimba kuposa mmene kalendala ikukuuzirani.

Tsiku la kireni

Dzulo lake, zonse zikhale zitatha. Mashatala achotsedwe. Pokolekera patsukidwe, ndipo chokolera chiyesedwe paliponse kuti chikulowa. Madzi amene aima kuzungulira mapanelo achotsedwe, chifukwa amawonjezera kukakamira. Pa maziko lembani mzere wa khoma ndi nambala ya panelo lililonse, ndipo muike timapuleti tolimba tokhalirapo khoma, toyezedwa ndi levulo ya pamiyendo itatu kuti tonse tikhale msinkhu umodzi. Michirikizo imangidwiretu kukhoma likadali pansi, kuti wina asadzakwere makwerero pakhoma lolendewera.

M'mawa itanani gulu lonse. Wolankhula ndi woyendetsa kireni akhale mmodzi yekha, wodziwika ndi chovala chake, koma aliyense ali ndi ufulu wokuwa kuti imani. Amene alibe gawo atuluke, kuphatikizapo mwini nyumba ndi alendo ake obwera kudzajambula. Yang'anani mawaya a magetsi. Miyendo ya kireni iponde pa matabwa okhuthala kapena mapuleti, osati m'mphepete mwa silabu kapena pa dothi lokwirira. Mphepo ikayamba kukuntha, siyani, ngakhale kireni ikuwerenga maola. Panelo la mamita 9 likagwidwa ndi mphepo, amuna khumi saliletsa.

Zingwe zimadutsa pa mtanda wachitsulo ndi timawilo, kuti pokolekera ponse pasenze mofanana pamene khoma likutembenuka. Woyendetsa wabwino sathamanga. Amakoka pang'onopang'ono mpaka zingwe zitawongoka, n'kuima, n'kudikira. Kwa kanthawi palibe chimene chikuoneka. Kenaka mumamva kaphokoso ngati kupuma, mpweya ukulowa pansi, kafumbi n'kutuluka m'mbali, mutu wa khoma n'kunyamuka chala chimodzi, kenaka chikhatho. Likakana, asawonjezere mphamvu. Khomani zitsulo zosongoka kumutu ndi m'mbali pafupi ndi mizere ya pokolekera, zingwe zili zokoka pang'ono, mpaka lilekerere lokha. Kukoka mwankhanza kumachititsa kuti likamasuka lidumphe, ndipo kudumphako kumang'amba khoma kapena kugwedeza kireni.

Likaimirira, silikhala chilili ndendende. Limapendekeka pang'ono chifukwa lakoledwa pankhope. Munthu asaime pansi pake, kumbuyo kwake, kapena pakati pa ilo ndi khoma linzake. Awiri aziyendetsa mapazi a michirikizo kuti asakokeke pansi, ena aziwongolera tsinde ndi migwala mpaka likhale pa mzere. Zala kutali ndi pansi pa khoma. Likakhala, yezani kuwongoka kwake, boolani silabu, mangani mapazi a michirikizo ndi mabawuti ake enieni, muwakunge mmene wopanga ananenera. Pokhapo ndi pamene kireni imasulidwe. Pakati pa panelo ndi linzake siyani mpata wa pafupifupi mamilimita 20, ndipo muziyeza kutalika kwa mzere wonse mukamapita, chifukwa timamilimita tosochera timaunjikana mpaka panelo lomaliza kukana kulowa.

Gulu lozolowera limaimika makoma ambiri pa tsiku limodzi, moti odutsa m'mawa pabwalo lopanda kanthu madzulo amapeza nyumba. Apa ndi pamene anthu amatayirira, chonsecho ngozi yeniyeni ndiye yangoyamba. Khoma la matani 23 laima pa timapuleti, ndipo chimene chikuligwira ndi mapaipi awiri. Panelo lililonse likhale ndi michirikizo yosachepera iwiri, yogwira chakumtunda, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kutalika kwake, monga injiniya walembera. Thirani grout, matope a simenti odzaza mipata, pansi pa khoma mwamsanga kuti likhale pa maziko ndi tsinde lonse. M'mawa uliwonse, ndiponso mphepo ikaomba, munthu mmodzi ayendere bawuti iliyonse ndi sipanala.

Amene adzakuvutitseni ndi anzathu oimika zitsulo za denga. Mchirikizo umawatchinga njira, ndiye amafuna kuuchotsa "kwa mphindi zisanu zokha". Ena ndi oyendetsa makina onyamulira katundu ndi mathirakitala amene amaugunda n'kungokhala chete. Lamulo likhale limodzi: palibe womasula mchirikizo mpaka denga litamangidwa, litalumikizidwa kumakoma, ndipo injiniya walemba pa pepala kuti chotsani. Pokwirira dothi kunja kwa khoma chitaninso mofatsa, kompakita yaikulu isayandikire.

Za kulumikiza khoma ndi denga ndiyenera kukhalapo pang'ono. Nyumba imeneyi ili ngati bokosi: makoma amasenza denga, denga limagwira makoma kuti asagwe. Pa chivomezi cha San Fernando mu 1971, ndiponso cha Northridge mu 1994, ku California, ku America, nyumba zambiri za tilt-up zinawonongeka osati chifukwa konkire inali yofooka, koma chifukwa makoma anasiyana ndi denga, denga n'kugwera m'kati. Malamulo a kamangidwe kumeneko anakhwimitsidwa pa mfundo imeneyi. Ife a ku Malawi tili m'chigwa chachikulu cha zivomezi; a ku Salima akukumbukira 1989, a ku Karonga 2009. Ndiye wowotcherera mapuleti aja akhale wa satifiketi, ndipo mfundo iliyonse iyang'anidwe isanabisike ndi malata kapena penti. Asatenthetsenso puleti nthawi yaitali malo amodzi, chifukwa konkire yozungulira imathetheka.

Zotsala ndi zopepuka. Kanjira kaja munasiya m'mphepete, dzazani dothi, psinjani bwino, pindani zitsulo zotuluka m'khoma zilowe mu silabu, thirani. Maenje a pokolekera ndi mabowo a michirikizo atsekedwe ndi matope a simenti osafota. M'mipata ya pakati pa makoma lowetsani kachingwe ka thovu, kenaka phula lotanuka la polyurethane. Musatseke ndi simenti, chifukwa makoma amafutukuka ndi kutentha ndipo simentiyo idzagwa mvula yoyamba isanathe. Musanapake penti, tsukani khoma ndi madzi amphamvu kuti bond breaker yotsalira ichoke, n'kuyesanso ndi botolo lija la madzi. Ulendo uno mukufuna zosiyana: madzi akalowa m'khoma, penti igwira, akaundana timibulu, tsukaninso.